Onse alemba 6 pa 6: tayeza kudzikhulupirira kapena mantha?

Nachisale: Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi mutu wa ku ntchito, makamaka kwa inu a HR, oyang'anira za antchito, ndi inu odziwa za kafukufuku. Bungwe lomwe ndimagwirako linachititsa maphunziro a sabata imodzi a alangizi a zaumoyo, ma HSA, pa matenda a ana osakwana zaka zisanu. Otipatsa ndalama akufuna tionetse ngati maphunzirowo awonjezera chikhulupiriro cha alangiziwa kuti ntchito yawo aitha. Abwana anandipatsa fomu ya mafunso 6 kuti ndiimasulire m'Chichewa. Pa funso lililonse munthu amasankha nambala kuyambira 1 mpaka 6, pomwe 1 ndi "si zoona m'pang'ono pomwe" ndipo 6 ndi "zoona kwathunthu". Mafunso ake ndi onga akuti "chilichonse chimene chingandigwere pa ntchito, nthawi zambiri ndimathana nacho". Lachisanu ndatolera mafomu, ndalowetsa mu Excel, ndiye taonani: 6, 6, 6, 6, mzere wonse kutsika. Koma Lachitatu lomwelo ndinaona ndi maso angawa ena mwa iwo akusokonezeka powerenga kapumidwe ka mwana. Abwana asangalala, akuti maphunziro ayenda bwino. Ine mtima sukundilola. Ndilembe chiyani mu lipoti?

Makanika wa ku Ndirande: Lembani kuti mwapeza madokotala atsopano kkkk

Nangozo wa HR: Funso loyamba achemwali: pa fomupo panali polemba dzina?

Nachisale: Panali. Dzina ndi chipatala chimene munthu akuchokera. Timafuna tifananitse ya tsiku loyamba ndi ya tsiku lomaliza.

Nangozo wa HR: Nanga amatolera ndani?

Nachisale: Ine, koma wowayang'anira wa ku boma anali m'holomo, ndiye amandithandiza kugawa mapepala.

Nangozo wa HR: Basi, yankho mwadzipatsa nokha.

Mlangizi wa ku Mudzi: Pepani ndilowererepo chifukwa nkhaniyi ndi yathu. Ine ndine HSA, ndili ndi village clinic. Sindinali pa maphunziro anuwo koma mafomu oterewa ndadzaza ambirimbiri, ndiye ndikuuzeni mmene timaganizira tikagwira cholembera. Tsiku loyamba sulemba nambala yaikulu, chifukwa anganene kuti uyu akudziwa kale, ulendo wina tisamuitane. Inu mukudziwa chimene maphunziro amatanthauza kwa munthu wa malipiro ngati athu, ka allowance kaja ndiye fetereza wa chaka chimenecho. Tsiku lomaliza sulemba nambala yaing'ono, chifukwa ukhala ngati wanyoza aphunzitsi amene akudyetsa sabata yathunthu, kapena uoneka wogona pamaso pa bwana wako. Ndiye poyamba 3, pomaliza 6. Aliyense wasangalala. Si kuti ndife abodza ayi, koma fisi akagwa m'mbuna sayankhula zambiri.

Nachisale: Amayi mwandilasa. Ya tsiku loyamba ambiri analembadi 3 ndi 4.

Mnyamata wa Manambala: Achemwali, fomu mukunenayo ndaizindikira. Ndi yofupikitsa ya Occupational Self-Efficacy Scale. Yaitali anaipanga Birgit Schyns ndi Gernot von Collani mu 2002, kenako mu 2008 Thomas Rigotti, Schyns yemweyo ndi Gisela Mohr anatulutsa ya mafunso 6 imeneyi ataiyesa pa anthu ogwira ntchito ku Germany, Sweden, Belgium, Britain ndi Spain. Fomuyo si yoipa. Koma inapangidwa kuti izigwira pa ntchito iliyonse, kaya wa ku banki, kaya woyendetsa basi, n'chifukwa chake mafunso ake ndi otambalala choncho. Imayeza mmene munthu amadzionera pa ntchito yake yonse. Zimenezi sizisintha ndi maphunziro a masiku asanu, ndipo sizikuuzani kanthu za kuwerenga kapumidwe ka mwana. Mwatenga sikelo yoyezera matumba a chimanga n'kuyezera mchere wa mu ndiwo.

Mphunzitsi Wopuma: Mwana wanga, tiyambire pa chiyambi kuti ife achikale titsatire. Chimene chikuyezedwacho n'chiyani kwenikweni? Kulimba mtima? Kudzidalira?

Mnyamata wa Manambala: Zikomo abambo. Mawu akuti self-efficacy, kutanthauza kukhulupirira kuti chinthu uchitha, anawatchukitsa Albert Bandura, katswiri wa za maganizo wobadwira ku Canada amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Stanford ku America. Nkhani yake yaikulu inatuluka mu 1977. Chosangalatsa n'chakuti sanayambire mu ofesi, anayambira pa anthu oopa njoka mopitirira muyeso. Ankawalembera mndandanda wa zochita, kuyambira zosavuta kukafika zoopsa: kuyandikira bokosi lagalasi momwe muli njoka yaikulu ya mtundu wa boa, kuiyang'ana pafupi, kuigwira utavala magolovesi, kuigwira ndi manja okha, kuinyamula, mpaka kuilola kuti ikwawe pamiyendo pako utakhala pansi. Pa chilichonse munthu ankanena ngati angachichite, ndipo ngati avomera, anene kuti watsimikiza motani pa sikelo yofika 100. Kenako amamupititsa kwa njokayo kuti aone ngati achitadi. Anapeza kuti zimene munthu wanena pa chinthu chilichonse zinkagwirizana kwambiri ndi zimene ankachita. Ndiye chimene chikuyezedwa si kulimba mtima kwa munthu yense ayi. Ndi chiweruzo chake pa chinthu chimodzi chodziwika: ichi, lero, nditha kapena sinditha.

Makanika wa ku Ndirande: Njoka pamiyendo? Ine ndilembereni 0 kuyambira pa geti.

Sisita wa ku Leeds: Kkkk achimwene inu mumagona pansi pa lole koma mukuopa njoka ya m'bokosi.

Makanika wa ku Ndirande: Lole ndimaidziwa asisi. Ndipo mwina mfundo ya mnyamatayu ndi yomweyo.

Mnyamata wa Manambala: Ndi yomweyo ndithu. Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi 100 pa giyabokosi ndi 0 pa njoka. Bandura mwiniwake, mu malangizo ake a kapangidwe ka mafomu otere a mu 2006, ananena kuti muyeso umodzi wokwanira zonse kulibe, mafunso azichokera mu ntchito yeniyeniyo ndipo azikwera kuchoka pa zosavuta kupita pa zovuta.

Mphunzitsi Wopuma: Ndamva tsopano. Komabe ine chandidabwitsa ndi china. Pa zaka zanga zonse m'kalasi, vuto langa linali losiyana ndi la mayi Nachisale. Mwana wa kwathu kuno ukamufunsa kuti "masamuwa uwatha?" amayang'ana pansi n'kunena kuti "ndiyesa". Ngakhale amene amakhala nambala wani. Tinaleredwa kuti wonena kuti "ndimatha" ndi wodzimva, wamatama. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ankatero makolo. Ndiye ndikanayembekezera kuti Amalawi azilemba manambala otsika. Apa alemba 6 onse. Ndiye kuti mantha a bwana aposa ulemu wa kwathu.

Nangozo wa HR: Zonse ziwiri zimachitika abambo, zimangotengera amene akufunsa ndi chimene chili pa mbale. Pa interview munthu yemweyo amati "zonse ndimatha", pa maliro akamupempha kuti alankhule amati "ine ndine mwana".

Mnyamata wa Manambala: Za chikhalidwezi zinaonekanso m'kafukufuku. Pali fomu ina yotchuka kwambiri ya mafunso 10, ya Ralf Schwarzer ndi Matthias Jerusalem a ku Germany, yoyeza kudzikhulupirira pa moyo wonse, mapointi ake amayambira 10 kulekeza 40. Mu 2002 Schwarzer ndi anzake anafananitsa mayankho a m'maiko 25. Anthu a ku Japan anali pansi, a ku Costa Rica pamwamba. Palibe munthu wanzeru amene angati ndiye kuti a ku Japan ntchito saitha. Kumeneko kudzitamanda n'kochititsa manyazi, basi. N'chifukwa chake manambala a dziko lina sungawaike pambali pa a dziko lina n'kunena kuti awa aposa awa.

Sisita wa ku Leeds: Izi ndinazikumana nazo ndekha. Chaka changa choyamba kuno, pa appraisal anandipatsa pepala kuti ndidziyeze. Ine namwino woti kumudzi ndinkakhala ndekha usiku pa wodi yodzaza, ena atagona pansi, magetsi atazima, kanula wa dripu ndikuika ndi tochi ya foni pa mwana wouma thupi. Koma ndinadzipatsa manambala apakatikati ponseponse, poopa kuoneka wodzikweza. Manejala anandiitana ali ndi nkhawa, akuti kodi pali chimene chikukusautsa, tikupezere wokuthandiza? Mnzanga wina woti wangotuluka kumene sukulu anadzipatsa zapamwamba zokhazokha, koma mtsempha ukavuta amadzaitana ine. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kulankhula chilankhulo chawo. Koma chimene ndimayamikira kuno n'chakuti pa zinthu ngati kupereka mankhwala a mu mtsempha sadalira pepala lodziyeza lokha. Wina amaima pambali pako, kukuona ukuchita, kenako n'kusaina.

Nachisale: Asisi, za amayi ndi abambo bwanji? Ndaona kuti ochepa amene sanalembe 6 pa mafomu anga ambiri ndi amayi.

Mnyamata wa Manambala: Si zachilendo. Nancy Betz ndi Gail Hackett mu 1981 anafunsa ophunzira a ku koleji ku America za ntchito zosiyanasiyana. Atsikana ankadzipatsa zotsika pa ntchito zimene zinkaonedwa ngati za amuna, monga uinjiniya, pamene zotsatira za mayeso awo a masamu ndi Chingerezi sizinkasiyana ndi za anyamata. Koma pa mafomu anu musafulumire kunena zimenezo, chifukwa ndi dzina pamwamba komanso bwana ali m'holo, sitingasiyanitse wodzikayikira ndi wonena zoona.

Mlangizi wa ku Mudzi: Palinso china chimene anthu a mu ofesi simuchiona. Funso lija lakuti "chilichonse chingandigwere ndimathana nacho". Mayi wabwera ndi mwana wotentha thupi, ndamuyeza malungo, mizere iwiri yatuluka, koma m'bokosi mankhwala a malungo a LA atha sabata yatha. Ndithana nacho bwanji? Ndikalemba 2 mudzati mlangiziyu sadzikhulupirira, tiyeni timuchititse maphunziro ena. Pomwe chimene ndikusowa ine ndi mankhwala ndi njinga yoti ili ndi matayala. Funsolo lasakaniza luso langa ndi umphawi wa bokosi.

Nangozo wa HR: Apa amayi mwanena mawu aakulu. Mabungwe ambiri amakonda vuto likakhala m'mutu mwa wantchito, chifukwa mankhwala ake ndi workshop. Likakhala mu sitolo ya mankhwala ndiye kuti wolakwa ndi wina wamkulu.

Mnyamata wa Manambala: Bandura anasiyanitsanso zimenezi kuyambira mu 1977 momwemo: kukhulupirira kuti ine chinthuchi nditha kuchichita ndi kwina, kukhulupirira kuti ndikachichita chibala zipatso ndi kwinanso. Funso labwino limadula pakati. "Nditha kuyeza malungo ndi kuwerenga zotsatira molondola" ndi la luso. Za kupezeka kwa LA zifunsidwe padera, ndipo lipoti lake lipite kwa oyenera.

Makanika wa ku Ndirande: Koma anthu ophunzira inu mumakonda kuzungulira. Ine pa galaja panga sindifunsa mnyamata kuti umadzikhulupirira bwanji. Ndimamupatsa sipanala, ndikuti tsitsa giyabokosi iyi, usinthe clutch plate, ubwezeretse. Ndikabwera kuchokera ku Limbe kogula ma spare ndimaona ndekha. Kudziwa mphafa ya buluzi n'kung'amba. Mapepala a chiyani?

 

Nachisale: Achimwene a ku Ndirande, funso lanu ndi limene ndakhala ndikudzifunsa usiku wonse. Ngati tingathe kumuona munthu akugwira ntchito, kumufunsa maganizo ake n'kwa chiyani?

Makanika wa ku Ndirande: Ngakhale, dikirani, ndadzitsutsa ndekha ndili pansi pa minibasi pano. Ndili ndi anyamata awiri. Wina ndi wachete, manja ake ndi agolide, injini amaimva ndi khutu ngati mlimi amvera mvula. Tikakhala awiri amachita zonse. Koma mwini galimoto akangoima pambali, makamaka awa a ma Prado olankhula Chingerezi, mnyamata amanjenjemera, sipanala kugwa, kenako amvekere "abwana bwerani muone". Ntchito yoti amaitha! Winayo ndi pakamwa. Chilichonse "ichi n'chaching'ono bwana". Mwezi watha wamanga ma bolt a cylinder head ndi mphamvu za nsima osagwira torque wrench, bolt imodzi kuduka m'kati mwa block. Ndinataya tsiku lonse ndi ndalama zanga. Ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Mnyamata wa Manambala: Ndiye mwayankha funso la achemwali bwino kuposa mmene ndikanayankhira. Kuona munthu akugwira kumakuuzani zimene amatha. Kumufunsa kumakuuzani zimene adzayerekeze kuchita inu kulibe. Wachete uja, galimoto ikamufera kasitomala ku Zalewa usiku, sadzapita yekha ngakhale luso ali nalo, ndiye luso lakelo silikupindulirani. Wapakamwa uja adzapita, ndipo adzaononga. Mukangoyeza luso lokha, wachete adzaoneka kuti alibe vuto. Mukangofunsa fomu yokha, wapakamwa adzakhala nambala wani. Phindu lili poika ziwirizo pambali n'kuona pamene zasiyana. Ndipo chithandizo chawo n'chosiyana: wina akufunika kumusiyira ntchito zing'onozing'ono kasitomala ali pompo mpaka azolowere, winayo akufunika kumuonetsa bolt yodukayo n'kumugwiritsa torque wrench inu mukuona.

Mphunzitsi Wopuma: Kodi pali umboni woti wodzikhulupirira amagwiradi bwino ntchito, kapena ndi nkhani za olalikira za chitukuko pa wailesi?

Mnyamata wa Manambala: Ulipo abambo, koma si waukulu ngati mmene amaukokomezera. Mu 1998 Alexander Stajkovic ndi Fred Luthans anasonkhanitsa kafukufuku 114, wa anthu oposa 21,000, n'kupeza mgwirizano wa 0.38 pakati pa self-efficacy ndi kagwiridwe ka ntchito. Pa muyeso umenewu 0 ndiye kuti palibe mgwirizano, 1 ndiye kuti zimayendera limodzi ndendende. Ndiye 0.38 ndi wooneka ndithu, koma ukusiya malo ambiri a zinthu zina. Anapezanso kuti ntchito ikakhala yovuta, ya mbali zambiri, mgwirizanowo umachepa. Komanso funso limakhalapo lakuti chayamba n'chiti, chifukwa munthu amene wakhala akuchita bwino amadzikhulupirira chifukwa cha zomwezo. Jeffrey Vancouver ndi anzake, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anaonetsa kuti munthu mmodzi yemweyo chikhulupiriro chikakwera kwambiri nthawi zina amayamba kuchita mofulumira, osalingalira mokwanira, zolakwa n'kuchuluka. Ndipo za mnyamata wapakamwa uja, David Dunning ndi Justin Kruger a ku yunivesite ya Cornell mu 1999 anapeza kuti ophunzira amene anakhoza pansi kwambiri pa mayeso, pafupifupi pa 12 mwa 100 poyerekeza ndi anzawo, ankadziika cha pa 62. Luso limene ukusowa kuti uchite bwino ndi lomwelonso limene ukanadziwira kuti walakwitsa.

Makanika wa ku Ndirande: Azunguwo akanangobwera pa galaja panga, ndikanawaonetsa ulere.

Nachisale: Tsopano ndiulule china chimene ndinachisiya. Pali mayi mmodzi wachikulire, wagwira ntchitoyi zaka zambiri. Iyeyu tsiku loyamba analemba 5 pafupifupi ponse, tsiku lomaliza analemba 3 ndi 4. Watsika! Abwana akuti analakwitsa kudzaza, ndimuchotse pa chiwerengero kuti asatiwonongere graph.

Nangozo wa HR: Musayerekeze.

Mnyamata wa Manambala: Mayi ameneyo mwina ndi yekhayo amene wakuuzani zoona pa gulu lonselo. Zimachitika kawirikawiri maphunziro akakhala abwino. Munthu amabwera akuganiza kuti amadziwa, kenako amaona mmene ntchitoyo iyenera kuchitikira, n'kuzindikira kuti zaka zonsezi amadumpha zina. Chasintha si luso lake, ndi ndodo imene akudziyezera. Ofufuza amachitcha response shift. Njira imodzi yochizembera ndi kufunsa mafunso awiri tsiku lomaliza lomwelo: lero mutha motani, nanga mukayang'ana m'mbuyo ndi zimene mwadziwa panozi, musanabwere munkatha motani. Apo ndodo imakhala imodzi.

Mlangizi wa ku Mudzi: Mayi ameneyo ndikumumvetsa. Ine ndinagwira zaka ndikuwerenga kapumidwe kwa theka la mphindi n'kuchulukitsa kawiri, ndimvekere ndapeza njira yachidule. Tsiku limene anatiuza kuti mwana wamng'ono sapuma mofanana, amathamanga kenako n'kuima pang'ono, ndiye uyenera kuwerenga mphindi yathunthu, ndinabwerera kunyumba mtima uli pansi. Ndinkangoganiza za ana amene ndinawabweza kuti ndi chifuwa wamba. Mukanandipatsa fomu madzulo amenewo ndikanalemba 2. Koma kuyambira tsiku limenelo ndi pamene ndinayamba kuwerenga bwino.

Mphunzitsi Wopuma: Ndibwererenso ku chilankhulo, poti ndi kumene ine ndinadyera. Mayi Nachisale, mawu akuti "I can" munawamasulira bwanji?

Nachisale: Pena "ndingathe", pena "ndimatha".

Mphunzitsi Wopuma: Ndiye mwafunsa mafunso awiri osiyana. "Ndimatha" ndi za chizolowezi, zimene ndakhala ndikuchita. "Ndingathe" ndi mawu ofewa, munthu amavomera ngakhale ali ndi chikayiko, ngati mmene timanenera kuti "ndingathe kubwera mawa" pamene tikudziwa kuti mwina sitibwera. Amene akugwira bwino maganizo a mnyamatayu ndi "nditha". Ndipo mupewe "ndidzachita", chifukwa limenelo ndi lonjezo, Mmalawi salonjeza popanda kuwonjezera kuti Mulungu akalola. Mutu wa fomu nawonso muusamale. Mukalemba "kudzidalira" anthu aganiza za kusapempha, za kukhala ndi munda ndi ziweto zako. Mukalemba "kudzikhulupirira" ena a mpingo adzati munthu akhulupirire Mulungu osati iye mwini. Mukapanda kusamala mufika pa "kudzimva", apo ndiye mwatukwana.

Mnyamata wa Manambala: Abambo mwagwirizana ndi Bandura osamuwerenga. Iyenso anati mafunso azikhala a "can do" osati "will do", chifukwa chachiwiricho ndi cholinga osati kuthekera. Analangizanso kuti pa fomu pasakhale dzina koma nambala yachinsinsi, munthu adzaze payekha, ndiponso mutu wa fomu ukhale wosakopa, usatchule n'komwe za self-efficacy. Achemwali, nambala yachinsinsiyo ikuthetserani vuto lofananitsa tsiku loyamba ndi lomaliza. Aliyense atole kapepala ka nambala m'chipewa, asunge yekha.

Nachisale: Tinachita zomasulira kubwerera ku Chingerezi, mnzanga wina anabweza ndipo zinafanana ndi zoyambirira. Ndimaganiza kuti zakwana.

Mphunzitsi Wopuma: Anthu awiri odziwa Chingerezi kugwirizana si umboni woti wa ku mudzi wamva. Tengani alangizi anayi kapena asanu, muwawerengere funso, muwafunse kuti "mwamva kuti ndikufunsa chiyani, nenani m'mawu anu". Mudzadabwa.

Sisita wa ku Leeds: Nanga za 1 mpaka 6 zija? Ine ngakhale pano kusiyanitsa 4 ndi 5 kumandivuta. M'Chichewa ndiye mumati chiyani, "zoona pang'ono", "zoona pang'ono kwambiri"?

Mnyamata wa Manambala: Apa pali nzeru ya konkuno. Kafukufuku wa mabanja ndi zaumoyo amene wakhala akuchitika ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka kuyambira 1998 anakumana ndi vuto lofanana, lofunsa anthu a kumudzi kuti chinthu chili ndi mwayi wochuluka bwanji woti chichitike. Mu 2006 Adeline Delavande ndi Hans-Peter Kohler anagwiritsa ntchito nyemba 10 ndi mbale. Munthu amaika m'mbale nyemba zochuluka molingana ndi mmene watsimikizira: mbale yopanda kanthu ndiye kuti sizingachitike, nyemba zonse 10 ndiye kuti zichitika ndithu. Anthu anaimva njirayi, ngakhale amene sanapite patali ndi sukulu. Iwo ankafunsa za matenda ndi za moyo, osati za ntchito, koma palibe choletsa kubwereka mbaleyo. Alangizi ndi anthu ophunzira, akhoza kungolemba 0 mpaka 10, komabe kuyamba ndi chitsanzo cha nyemba kumathandiza kuti asathamangire kumapeto. Muyambe ndi zoyeserera zosakhudza ntchito: nyemba zingati kuti mutha kunyamula ndowa ya malita 20, nanga thumba la makilogalamu 50, nanga awiri. Akaona kuti manambala akutsika ndipo palibe wakwiya, ndiye mulowe mu mafunso enieni.

Nachisale: Ndayesa kulemba atsopano pa nthawi ya nkhomaliro, tandikonzereni. Loyamba: nditha kuyeza mkono wa mwana ndi tepi ya MUAC n'kudziwa ngati ali pofiira. Lachiwiri: nditha kuwerenga kapumidwe ka mwana wa miyezi 8 amene akulira, kwa mphindi yathunthu. Lachitatu: nditha kufotokozera mayi kasungunulidwe ka ORS ndi kaperekedwe ka zinc. Lachinayi: nditha kutumiza mwana wodwalitsa ku chipatala chachikulu.

Mlangizi wa ku Mudzi: Lachiwirilo ndi msampha amayi. Mwana akulira sitiwerenga, manambala amakwera okha. Uyenera kudikira atonthole, mayi ake amuyamwitse kapena amugoneke pamiyendo, umuvule pachifuwa pang'onopang'ono osamudzidzimutsa, ndiye uyatse timer. Wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50 pa mphindi ndiye kuti akupuma mothamanga, wa chaka chimodzi mpaka asanakwane zaka zisanu ndi 40. Luso lenileni ndi kudekha pamene panja pali mzere wa amayi akung'ung'udza kuti achedwa kumunda. Lembani kuti: nditha kudikira mwana atonthole n'kuwerenga mphindi yathunthu ngakhale anthu ali pamzere. Pamenepo muona ma 10 akuchepa. Loyambalo lili bwino, pofiira ndi pansi pa masentimita 11.5, ambiri amatha, likhale losavuta loyambira. Lachinayi ndiye mwalipeputsa kwambiri. Kulemba kalata yotumiza aliyense amatha. Chovuta ndi ichi: dzuwa lalowa, mwana akukomoka, bambo ake kulibe, agogo aakazi akuti mwanayu sapita kulikonse mpaka mwinimbumba abwere, ndipo akuti izi si za chipatala, tiyambe kwa asing'anga. Iwe ndiwe mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wawo, mawa udzakumana nawo pa mjigo. Funsani kuti nditha kuwatembenuza agogowo usiku womwewo. Ine pamenepo ndiika nyemba 6, ndipo ndagwira ntchitoyi nthawi yaitali.

Nangozo wa HR: Mwaona kusiyana kwake? Funso limenelo munthu sachita manyazi kulemba 6 pa 10, chifukwa aliyense akudziwa kuti n'zovutadi. Langa ndi chenjezo limodzi, ndipo mulitengere kwa abwana anu. Tsiku limene manambala amenewa adzagwiritsidwe ntchito posankha wokwezedwa, wopita ku maphunziro kapena wochotsedwa, fomuyo yafa. Nkhani imayenda, chaka chamawa aliyense adzadziwa nambala yoyenera kulemba. Kuntchito kwina kumene ndinagwirako anaika zodziyeza mu mapointi a bonasi, ndipo chaka chotsatira tinali ndi antchito angwiro okhaokha pa pepala, katundu akubwezedwa ndi makasitomala ngati kale.

Nachisale: Nanga lipoti la Lachisanuli? Fomu ya mafunso 6 ija otipatsa ndalama anaisankha okha, sindingaitaye.

Nangozo wa HR: Lembani ma 6 awo mmene alili, mayi wotsika uja akhalemo. Pansi pake muwonjezere ndime yonena kuti mafomu anali ndi maina, wowayang'anira anali m'chipinda, ndipo pa zoyeserera za Lachitatu ena anavutika ndi kuwerenga kapumidwe. Kenako mupemphe kuti pa ulendo wotsatira muwonjezere mafunso a ntchito yeniyeni ndi kuwaona akugwira. Anthu a ndalamawa graph yokongola kwambiri amaikayikiranso, si ana.

Nachisale: Ndangotuluka mu ofesi ya abwana. Poyamba nkhope inagwa, koma avomera ndimeyo, bola ndisalembe mawu akuti mantha. Avomeranso kuti tikayendere alangizi angapo kumene amagwirira pakatha miyezi itatu. Amayi a ku village clinic, ndingabwere kwanu kaye kudzayesa mafunsowa musanawaone ena? Ndikulemberani ku inbox.

Mlangizi wa ku Mudzi: Bwerani Lachiwiri, ndi tsiku la sikelo, anzanga awiri a midzi yoyandikana amakhalaponso. Mufike isanakwane 8, dzuwa likakwera ana amakhala atatopa ndipo onse amalira. Galimoto muisiye kusukulu, kamlatho ka kuno kanakokoloka. Nyemba musavutike nazo, ndili nazo. Koma ngati mu ofesi mwanumo muli timer yotsala munditengere, yanga inafa, ndikuwerengera pa foni yosweka galasi.